Dzanzi la zala zitatu ndi theka

Lachinayi, pa 13 Okotobala

Chandidzutsa lero ndi dzanja lamanja, nthawi ili 3:40 m'bandakucha, tambala wa aneba asanaganize n'komwe zolira. Linachita dzanzi ngati ndaligonera, chonsecho ndinagona chagada, dzanjalo lili pachifuwa. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kumalikutumula ngati munthu wosamba m'manja pamaliro pomwe palibe chopukutira. Patapita mphindi zitatu kapena zinayi tinyerere tinayamba kuyenda m'zala, kenako zinamasuka. Uwu ndi usiku wachisanu motsatizana. Bambo akunyumba, amene ndimayesa ali mtulo, anangoti, "Amake mwana, zomeza Brufen ngati mtedza zakwana. Lero mukaonane ndi adokotala." Ndinayankha kuti mawa ndi pa 14. Iwo anati dzanja silidziwa kalendala, n'kutembenukira kukhoma.

Kutacha ndinalephera kumanga batani la pakhosi pa yunifomu ya mwana. Kabataniko ndikukaona bwinobwino, koma zala sizikukamva. Mwanayo, wa sitandade 3, anandichotsa dzanja mwaulemu n'kumanga yekha. Mantha enieni anandigwira pamenepo.

Mu minibasi yochokera ku Area 25 tinapanikizana anayianayi monga mwa masiku onse, ine n'kuweramira foni kuyankha mauthenga a kuntchito. Nditadzutsa mutu chapa Area 18 ndinaona kuti tonse anayi pampando wathu tili chiweramire, ngati wina watiuza kuti tiyeni tipemphere.

Kwa amene simugwira ntchito ya maakaunti: msonkho wa PAYE umene timadula pamalipiro a mwezi wapita umayenera kufika ku MRA pofika pa 14. Ndiye pa 12 ndi pa 13 munthu sadzuka pampando. Tiyi amakupeza pomwepo, nsima ya masana imazizira m'kontena. Ndagwira ntchito imeneyi zaka 6, ndipo lero ndi tsiku loyamba limene ndayang'ana desiki yanga ngati mlendo. Mpando wanga chokwezera chake chinafa kalekale, ukakhalapo umatsika pang'onopang'ono mpaka pansi penipeni, moti desiki imandifika pafupi ndi pachifuwa. Kuti ndifikire mabatani a laputopu ndimakweza mapewa ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Mausi imakhala kutali, kuseri kwa mulu wa mafayilo, ndipo dzanja limatsamira pangodya ya desiki tsiku lonse. Pamalo pomwe pamakhala wotchi, chakumunsi kwake, khungu linada n'kulimba. Ndakhala ndikupakapo Vaseline miyezi yonseyi, osadzifunsa kuti chadetsa n'chiyani.

Ndinene pano chinthu chimene sindinganene pamsonkhano wa kuofesi. Kale magetsi akazima tinkatuluka panja, kukhala pansi pa mtengo wa mango uli kuseriku, kuwongola msana uku tikudandaula za magetsiwo. Chibwerere mabatire ndi sola, kompyuta sizimanso, ndipo kupuma kwathu kunathera pomwepo. Walira mvula walira matope.

Cha m'ma 10 koloko ndinalemba 7 m'malo mwa 4 kawiri konse pamzere umodzi, chifukwa chala cha mkombaphala sichimamva pomwe chagunda. Ndinapita kwa abwana kukapempha. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma, kenako anati, "Pitani mayi, bola 2 koloko ikupezeni muno."

Kuchipatala adokotala sanachedwe nane. Anandibaya pachala kuyeza shuga, anapeza ali bwino, n'kunditumiza kwa a mafizo. Ndinapezako mtsikana wamng'ono kwa ine, woyankhula mofatsa koma wosazungulira. Funso lake loyamba linandidabwitsa: "Amayi, ndi zala ziti zimene zimachita dzanzi? Kaching'ono aka nakonso?" Ndinaganiza kaye. Ayi, kaching'onoko sikanandivutepo. Ndi chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati, ndi mbali imodzi ya chala chovala mphete. Anagwedeza mutu ngati wamva zimene amayembekezera. Anandiuza kuti ndigundanitse kunja kwa manja onse awiri, zala zitaloza pansi, ndikhale choncho mphindi imodzi. Masekondi 30 asanakwane, tinyerere tija tinabwera. Kenako anagogoda ndi chala chake pakati pa mfundo ya dzanja, ndipo ndinamva ngati kamagetsi kathamangira kunsonga za zala.

Anatenga pepala n'kujambula. Pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono pali kanjira kopapatiza, pansi ndi m'mbali mwake tifupa, pamwamba pake kachingwe kolimba ngati lamba. M'kanjirako mumadutsa mitsempha 9 yokoka zala, pamodzi ndi mtsempha umodzi wonyamula uthenga wa kumva kuchokera ku zala zitatu ndi theka zija. Kachala kaching'ono kali ndi mtsempha wakewake wodzera kwina, n'chifukwa chake sikakhudzidwa. Mukatupa m'kanjiramo, kapena dzanja likakhala chopindika nthawi yaitali, mtsempha uja umapanikizika ngati munthu wachinayi pampando wa minibasi. Dzina lake pa Chingerezi ndi carpal tunnel syndrome. Usiku zimakula chifukwa ambirife timagona titapinda manja osadziwa.

Ine ndinali nditaweruza kale kuti wolakwa ndi kompyuta, koma mtsikanayu anandibweza. Anati vutoli limagwiranso anthu amene sanakhudzepo kiyibodi: odwala shuga, amayi oyembekezera, amene chithokomiro chawo chikugwira ntchito mofooka, onenepa kwambiri, ndipo limakonda akazi kuposa amuna. Anandifunsa ngati ndimachapa pamanja. Ndinaseka. Loweruka lililonse ndimafinya mabulangete ndi majini a anthu anayi. "Ndiye dzanja lanu lilibe holide," anatero. "Mkati mwa sabata lili pangodya ya desiki, Loweruka lili m'bafa." Zimenezi ndinazikonda, chifukwa sanafune kundisangalatsa ndi yankho lophweka.

Za khosi sindinamuuze, anaziona yekha momwe ndimatembenukira thupi lonse pofuna kuyang'ana kumbali. Anafunsa ngati ndili ndi chithunzi chondijambula ndili pantchito. Mwamwayi mnzanga wa desiki yoyandikana anandijambula mondibera mwezi wathawu. Nditachitsegula ndinachita manyazi. Chibwano chili kutsogolo ngati kamba akusuzumira, msana wapindika ngati chikwakwa. Anandiuza kuti mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ndipo ukakhala molunjika pamwamba pa mapewa khosi silivutika nawo. Ukaweramira kutsogolo kulemerako kumachuluka. Dokotala wina wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengetsera mu 2014 kuti mutu ukawerama madigiri 60, monga timachitira poyang'ana foni pamiyendo, khosi limakhala ngati lanyamula makilogalamu 27. Ndinakumbukira ndowa ya malita 20 imene ndinkasenza kuchokera kumjigo ndili mtsikana. Ndowa ija ndi makilogalamu 20, ndipo amayi ankandikalipira ndikapinda khosi: "Wongoka iwe, uthyoka!" Lero ndimasenza yoposa pamenepo kwa maola 8, popanda nkhata, n'kumati ndili pantchito yopepuka.

Za maso anangodutsapo mwachidule. Munthu akayang'anitsitsa sikirini amaphethira mochepa kwambiri, ndiye maso amauma, kutentha ndi kufiira pofika madzulo. Anati pakatha mphindi 20 zilizonse ndiziyang'ana chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20. Anandilembera kachipangizo komanga padzanja pogona kuti lisamapindike, kovala usiku uliwonse kwa milungu 6, n'kundiphunzitsa mafizo atatu a dzanja ndi khosi. Zikapanda kusintha pali jakisoni wa pamfundopo, ndipo zikakanikiratu pali opaleshoni yaing'ono yodula kalamba kaja kuti mtsempha upume. Anandichenjeza chinthu chimodzi: ndikaona kuti mnofu wa patsinde pa chala chachikulu wayamba kuphwa, ndisadikire tsiku limene anandipatsa. Brufen anati ndisiye kumumeza ndisanadye, angandibweretsere zilonda za m'mimba pamwamba pa vuto lomwe ndili nalo kale.

Ndinafika kuofesi 2 koloko itapitirira ndi mphindi 10, kachipangizo kaja kali m'chikwama, chikwama cha ndalama chitapepuka. Ndisanatsegule Excel ndinaitana a mesenjala athu, bambo wachikulire amene amadziwa pomwe pali chilichonse m'nyumba imeneyi. Ndinawafotokozera zimene ndauzidwa: m'mphepete mwa pamwamba pa sikirini mukhale molingana ndi maso, patali ngati kutalika kwa mkono, zigongono zikhale pafupi ndi nthiti zitapindika ngati ngodya ya buku, manja akhale mowongoka, mapazi aponde pansi. Vuto la laputopu n'lakuti sikirini ndi mabatani n'zomatana. Ukaikweza kuti khosi liwongoke, manja amakwera. Ukaitsitsa kuti manja apume, khosi limawerama. Bambowo anamvetsera, n'kuti, "Dikirani madamu." Anabwera ndi mapaketi anayi a mapepala a A4, lililonse lochindikala pafupifupi masentimita 5, n'kusanjikiza pansi pa laputopu. Kusitolo anakafukula kiyibodi yakale ya Dell, fumbi lokhalokha, batani la F5 litachoka. Mpando wanga anausinthanitsa ndi wa alendo wa miyendo inayi, tinaikapo khushoni kuti ndikwere, ndipo poti mapazi anayamba kulendewera anandiikira katoni ya mafayilo a 2017 kuti ndipondepo. Chitenje chimene ndimasunga m'dirowa chifukwa cha maliro adzidzidzi ndinachikulunga n'kuchiika kumsana, chapachiuno. Mafayilo aja ndinawasuntha, mausi inabwera pafupi.

Anzanga anaseka mpaka misozi. Wina anati ndamanga guwa la nsembe. Koma kuseka kutatha, akulu a maakaunti, amene atsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, anabwera mwakachetechete n'kundifunsa kuti chitenjecho chikhale pati kwenikweni. Anandiuza kuti chaka chino chonse akugona pamphasa chifukwa cha msana, ndipo sanauzepo munthu muofesi muno. Mnzanga wondijambula uja naye akuti mutu umamuwawa tsiku lililonse ikamakwana 3 koloko, amangoti ndi dzuwa la Okotobala. Tonsefe takhala tikubisirana, aliyense ndi Panado wake m'dirowa.

Ndikuganiza kuti chimatitseka pakamwa ndi manyazi. Tinakulira m'makomo momwe ntchito yopweteka ndi khasu, nkhwangwa ndi matumba a feteleza. Munthu wokhala pamthunzi, pafupi ndi fani, angadandaule chiyani? Ngakhale lamulo lathu la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito, limene limapereka udindo kwa olemba ntchito, tikalimva timaganiza za zipewa zolimba, magambuti ndi mafakitale a ku Kanengo. Mpando wakufa sitiuwerengera. Mchemwali wanga amene amagwira ntchito ya muofesi ku Leeds anandiuza pa WhatsApp madzulo ano kuti kumeneko kuli malamulo a 1992 okhudza ogwira ntchito pakompyuta: olemba ntchito amayenera kuunika malo amene munthu amakhala, ndipo wantchito akapempha kuyezedwa maso amalipira ndi iwowo. Ndamulembera abwana kakalata kopempha mipando iwiri ndi makiyibodi atatu. Ndaika mtengo wake pambali pa mtengo wa masiku amene munthu angajombe atachitidwa opaleshoni, poti chinenero chimene amamva msanga ndi cha manambala.

Madzulo ndinaimbira amayi ku Ntcheu kuwauza kuti Loweruka, pa tsiku la anakubala, tikubwera. Nditawauza za dzanja anayamba ndi zomwe ndimayembekezera: "Iwe, ntchito yongogogoda timabatani n'kupweteka nayo?" Ndinangokhala chete. Kenako iwo omwe anati, "Komatu nane nthawi yotongola chimanga zala izi zimafa usiku, ndimachita kuziwotha pamoto." Anakumbukiranso malemu bambo, amene anakhala zaka zambiri pakhonde la sitolo akupalasa makina a Singer, momwe ankadzukira atagwira m'chiuno, ndi momwe ankatituma kuti tiwaponde pamsana. Ndinali nditaiwala zimenezo. Ndinkawaponda ndine, ndili ndi zaka 7, nditagwira khoma, iwo akuti, "Chapamwamba pang'ono, mwanawe."

Ana atagona ndinafuna kudziwa ngati matenda a anthu okhala pansiwa ndi atsopano. Si atsopano. Dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba za matenda a anthu a ntchito zosiyanasiyana mu 1700, ndipo mu 1713 anawonjezamo alembi, amene ankakhala tsiku lonse akulemba ndi nthenga. Anatchula zinthu zitatu zowapweteka: kukhala pansi kosalekeza, kuyendetsa dzanja mofanana nthawi zonse, ndi kutopa kwa maganizo poopa kulakwitsa mawerengero a mabwana awo. Ndinawerenga zimenezi pafoni, nditaweramira pamiyendo, mpaka bambo akunyumba anandikodola pachibwano n'kuti, "Makilogalamu 27 aja."

Panopa ndi 10:15. Kachipangizo kaja ndamanga kale, kakununkha ngati nsapato yatsopano, ndipo zolembazi ndikumalizitsa ndi dzanja lamanzere, foni nditaitsamiritsa pa botolo la Sobo kuti ifike m'maso. PAYE yatsala anthu 40, ndiimaliza m'mawa. Potuluka muofesi a mesenjala anandinong'oneza kuti mapepala a mu printa atha pofika sabata yamawa, ndipo paketi imodzi pa zinayi zija adzaitenga. Ati ndisadandaule, aona kale buku lakale la manambala a foni lochindikala chimodzimodzi.