Zomwe ndaphunzira posankha motherboard ndi power supply

Nditayamba kuwerenga za kulumikiza kompyuta ya magemu, maganizo anga onse anali pa purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi graphics card (chipangizo chotulutsa zithunzi pa sikirini), popeza ndi zomwe zimachititsa kuti gemu iziyenda mosadukiza. Motherboard, bolodi lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndi power supply, yomwe imapereka magetsi ku zipangizozo, ndinkaziyesa zinthu zogula ndi ndalama zotsala. Masabata atatu akuwerenga andisintha maganizo, makamaka pa power supply.

Za motherboard sizinandivute kwambiri nditangomvetsa kuti purosesa ndi imene imalamula. Purosesa ya AMD ya Ryzen 7000, yomwe inatuluka mu 2022, imakhala pa socket (malo olowetsamo purosesa pa motherboard) ya AM5 ndipo imafuna RAM (memory ya kompyuta) ya mtundu wa DDR5 basi, choncho motherboard yakale ya AM4 siingathandize ngakhale ikhale yabwino motani. Ku Intel, pa socket ya LGA 1700, ma motherboard ena amalandira DDR4 pomwe ena amalandira DDR5, ndipo wogula mothamanga akhoza kubwera ndi RAM yosalowa. Kukula nakonso nkofunika, chifukwa motherboard ya ATX ndi ya mamilimita 305 ndi 244, pomwe ya mini-ITX ndi ya mamilimita 170 mbali zonse. Chomwe sindinkachidziwa ndi VRM, tizipangizo tozungulira socket tomwe timatsitsa mavoti 12 kufika pa voti imodzi ndi pang'ono imene purosesa imagwiritsa ntchito. Tikakhala tofooka timatentha, ndipo purosesa imachepetsa liwiro mwiniwake osadziwa chifukwa chake.

Pa power supply ndipo pomwe ndinali nditasokera ndithu. Ndinkaganiza kuti chizindikiro cha 80 Plus Gold chimatanthauza kuti chipangizocho ncholimba, koma chimangonena kuchuluka kwa magetsi omwe satayika. Ya Gold ikamagwira theka la mphamvu yake imapereka pafupifupi 90 peresenti ya magetsi omwe yakoka, kutanthauza kuti pa mawati 400 ochokera ku soketi ya pakhoma, 360 amafika mu kompyuta ndipo 40 amasanduka kutentha. Za ubwino wa ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi ta mkati mwake) kapena chitetezo chake magetsi akasokonekera, chizindikirocho sichinenapo kanthu.

Chinanso chinandidabwitsa nchakuti graphics card ya Nvidia ya RTX 4070 imadya mawati 200, komabe Nvidia imalangiza power supply ya mawati 650. Poyamba ndinkaona ngati akungokokomeza, koma purosesa, ma fan ndi ma drive nazo zimadya, ndipo graphics card nthawi zina imakoka magetsi ochuluka mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepetsetsa, moti power supply yopanda mphamvu yotsalira imazimitsa kompyuta gemu ili mkati. Muyezo wa ma power supply wa ATX 3.0 wa mu 2022 unalembedwa poganizira vuto lomweli. Malo a PCIe pa motherboard, olowetsamo graphics card, amapereka mawati 75 okha, otsalawo amadzera pa nthambo, ndipo ya mapini 8 imanyamula mawati 150. Apa mpomwe ndinaphunziranso kuti nthambo zozuka za power supply imodzi siziyenera kulumikizidwa ku ina ngakhale zikulowa bwinobwino, chifukwa kasanjidwe ka mapini kamasiyana ndipo zikhoza kuwotcha zipangizo.

Pakadali pano ndasankha motherboard ya B650 (ya socket ya AM5) ya micro-ATX, yocheperako kuposa ya ATX, ndi power supply ya mawati 750 yotsatira ATX 3.0. Chatsala nkuyeza ngati graphics card ikwane mu case (bokosi la kompyuta) yomwe ndili nayo kale.