Mmene Ndimayezera Moto Wotsala m'Batire la Sola

Batire limene ndimagwiritsa ntchito pa sola ya pakhomo panga ndi la mtovu ndi asidi, la mavolti 12, lija lokhala ndi zivindikiro zisanu ndi chimodzi pamwamba. Mabatire a mtundu umenewu kawirikawiri safa ndi ukalamba, koma amaphedwa ndi eni ake amene amawamaliza moto wonse usiku uliwonse, n'chifukwa chake ine ndimayeza ndekha moto wotsalamo m'malo modalira timagetsi tobiriwira ndi tofiira ta pa kontirola, kachipangizo kamene kamawongolera moto wochokera ku panelo kupita ku batire. Timagetsi timeneti timangotsatira mavolti a nthawi yomweyo, ndipo dzuwa likamaswa mtengo timatha kusonyeza kuti batire ladzaza pamene lidakali kutali.

Ndimayamba ndi kusankha nthawi yoyezera, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera. Batire limene langochajidwa kumene limaonetsa mavolti 13 kapena kuposerapo chifukwa moto umakhala udakali pamwamba pa mapuleti a mtovu a m'batiremo, usanalowerere mkati, pomwe batire limene likuyendetsa inveta (chipangizo chosintha moto wa batire kukhala ngati magetsi a m'nyumba) kapena wailesi yakanema limaonetsa mavolti otsika kuposa mmene lilili. Motero ndimayeza m'bandakucha, dzuwa lisanaombe panelo, zinthu zonse zitakhala zozimitsa kwa maola anayi kapena kuposa pamenepo. Ndikafuna kudziwa ngati dzuwa la tsikulo ladzaza batire, ndimachotsa waya wa panelo pa kontirola chakumasana, batire nkupuma, ndipo ndimaliyeza madzulo ndisanayatse babu lililonse.

Chipangizo changa ndi multimeter, mita yoyezera magetsi yoonetsa manambala. Ndimaitembenuzira pa 20, mbali imene pali V wokhala ndi kamzere kowongoka pamwamba, osati kokhotakhota, kenako waya wofiira ndimagunditsa pamutu wa batire wolembedwa + ndipo wakuda pamutu wa −. Ndimaonetsetsa kuti nsonga zake zakhudza mtovu weniweniwo, osati zomangira, chifukwa pamenepo pamakonda kuundana ufa woyera wobiriwirako umene umasokoneza muyezo. Ufawo ndimautsuka ndi madzi othira soda wophikira, zivindikiro zili chitsekere kuti sodayo asalowe mkati.

Batire lopuma likaonetsa 12.6 kapena 12.7 ndiye kuti ladzaza. Pa 12.4 latsala ndi moto wokwana pafupifupi magawo atatu mwa anayi, pa 12.2 lafika pa theka, pa 12.0 kwatsala gawo limodzi lokha mwa anayi, ndipo likatsika kufika pa 11.9 kapena kucheperapo ndiye kuti moto watha. Kuchokera pa batire lodzaza kufika pa batire lopanda moto sipakwana n'komwe volti imodzi, ndipo ichi ndi chifukwa chake mita ya singano sindiikhulupirira pa ntchito imeneyi. Munthu akamva kuti batire likuonetsa 12 amaganiza kuti zonse zili bwino popeza ndi la mavolti 12, chonsecho lili pafupi kugwa.

Malire anga ndi 12.2, ndipo sindilola kuti m'mawa lipezeke pansi pa pamenepo. Batire likamatulutsa moto, asidi amalowerera m'mapuleti n'kupanga mchere wotchedwa lead sulphate, umene umasungunuka bwinobwino batire likachajidwa msanga. Koma likagona masiku lili lopanda moto, mcherewo umauma n'kukanirira, ndipo gawo la puleti limene wakutalo silisunganso moto. Choncho batire lolembedwa 100Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga) ndimaliwerengera ngati la 50Ah, ndipo ndikaona kuti m'mawa layandikira malirewo, usiku wotsatira inveta siyaka ndipo timakhala ndi mababu okha. Izi zimachitika kwambiri mu June ndi July, pamene chiperoni chimaphimba dzuwa masiku angapo motsatizana, batire osadzaza ngakhale tsiku limodzi.

Multimeter imanena za batire lonse pamodzi, koma siloza chipinda chimene chikudwala mwa zipinda zisanu ndi chimodzi za pansi pa zivindikiro zija, zimene chilichonse chimapereka mavolti pafupifupi 2.1. Pamenepa ndimatenga hydrometer yoyezera kulemera kwa madzi a asidi a m'batire, kabotolo kagalasi kokhala ndi mphira wofinya kumtunda ndi kachubu kumunsi, ndipo mkati mwake muli kachipangizo koyandama kolembedwa manambala. Ndimavala magalasi ndi magolovesi, ndimatsegula mawindo ndi kuchotsa kandulo, mbaula kapena fodya pafupi, chifukwa batire likamachajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto. Ndikatsegula chivindikiro chimodzi, ndimakoka madzi mpaka koyandamako katanyamuka osagunda m'mbali, ndimawerenga diso lili pamzere wa madziwo, kenako ndimawabwezera m'chipinda chomwecho. Chipinda chodzaza chimaonetsa pafupifupi 1.265, cha theka 1.190, ndipo chopanda moto 1.120. Chimene ndimayang'anitsitsa ndi kusiyana kwa zipindazo: chimodzi chikatsalira ndi 0.050 kapena kuposa ngakhale batire litachajidwa mokwanira, ndimadziwa kuti chayamba kufa. Mabatire otsekeratu a jelo sayezedwa motere, ndipo amenewo lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.8 pa multimeter.

Zivindikiro zikadali chotsegula ndimaonanso ngati madzi akuphimba mapuleti, makamaka mu October pamene kutentha kumawaphwetsa msanga. Ndimathiramo madzi a batire okhaokha, aja ogulitsidwa m'mabotolo pamalo omwetsera mafuta, osati a pachitsime kapena a pampopi, ndipo asidi sindiwonjezera chifukwa chimene chimauluka ndi madzi, asidiyo amatsala momwemo. Ndikathira madzi sindiyezanso ndi hydrometer mpaka batire litachajidwa, popeza madzi atsopanowo amayamba akhala pamwamba n'kupereka nambala yotsika yonama.

Manambala onsewa ndimawalemba m'kope pamodzi ndi tsiku ndi mmene nyengo inalili, pakuti muyezo umodzi sunena zambiri. Batire limene kale linkadzuka ndi 12.4 likayamba kudzuka ndi 12.1, pamene dzuwa likuwala bwino ndipo mababu ndi omwewo, ndiye kuti mphamvu yake yosunga moto ikuchepa. Likadzafika poima pa 10.5 litapuma, ngakhale litachajidwa tsiku lonse, ndiye kuti chipinda chimodzi chafa, ndipo batire lotero sindililumikiza pamodzi ndi latsopano chifukwa limakokera lamoyolo pansi.