Kufunsana mafunso a zakuthambo, mayankho ali pamutu panu

Mafunso a zakuthambo amakoma kufunsana panja usiku, chifukwa mayankho ambiri mutha kungowaloza ndi chala. Kuno ku Zomba nyengo yake ndi Meyi mpaka Ogasiti, mwezi uli kumdima. Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wakutchire umabisa nyenyezi zam'munsi, ndipo mukakwera phiri cha ku damu la Mulunguzi, chiperoni chitha kukulandani thambo lonse pakanthawi kochepa. Bwalo la mpira lotalikirana ndi magetsi likwanira.

Gawanani anayianayi, pepala la mayankho likhale ndi wofunsa yekha. Mafoni m'thumba, osati poopa kubera kokha ayi: maso amafuna mphindi ngati 20 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala kwa foni kamodzi kokha kumakubwezani poyambira. Tochi mukulunge ndi pulasitiki yofiira. Yankho lolondola likhale pointi 1, kufotokoza chifukwa chake mapointi 2, apo ayi apambana ndi oloweza.

Mkangano wambiri umachokera kwa wofunsa. Mukati "nyenyezi yapafupi kwambiri ndi iti?", wochenjera ayankha kuti dzuwa, ndipo walondola: lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, kuwala kwake kumatifika pa mphindi 8 ndi masekondi 20. Choncho nenani kuti "kupatula dzuwa". Kenako atembenuzeni kum'mwera apeze Southern Cross, nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndi nyenyezi ziwiri zowala zoiloza. Yowala kwambiri pa ziwirizo ndi Alpha Centauri, ya gulu la nyenyezi loyandikana nafe kuposa onse, komabe kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Pewani kufunsa kuti pulaneti ya Jupiter kapena Saturn ili ndi miyezi ingati yoizungulira, poti akatswiri amangopezabe ina. Mapulaneti ndi 8 chichotsereni Pluto mu 2006, ngakhale akuluakulu amene anaphunzira 9 savomera msanga. Musauze munthu aloze Nsangwe kapena Akamwiniatsatana madzulo a Juni. Zimenezo zimaoneka bwino madzulo a Disembala mpaka Malichi, mitambo ikalola.

Nthanda ya m'mamawa ndi nyenyezi yowala ya madzulo ija n'chinthu chimodzi, pulaneti ya Venus, yotentha kuposa onse, madigiri oposa 450.

Funso limene ndimaona kuti liposa onse ndi ili: n'chifukwa chiyani Juni ndi Julayi kumazizira? Ambiri amati dziko latalikira dzuwa. Msampha wake ndi wakuti akunena zoona pang'ono, pakuti kumayambiriro kwa Julayi timakhaladi patali kwambiri, makilomita 152 miliyoni, pomwe mu Januwale ndi 147 miliyoni. Koma afunseni: nanga bwanji Julayi yemweyo ku London kumakhala kotentha, pomwe dziko ndi limodzi? Chifukwa chenicheni n'chakuti dziko lapansi ndi lopendekeka ndi madigiri 23.5. Mu Juni mbali yathu ya kum'mwera imapendekera kumbali, dzuwa limadutsa motsika cha kumpoto, kuwala kwake kumatifika chopendama, usana n'kufupika.

Wokayika mupatseni ntchito ya masana. Zomba ili madigiri 15 ndi pang'ono kum'mwera kwa Equator, motero dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni kawiri pa chaka, cha pa 4 Novembala ndi cha pa 7 Febuluwale. Pa masiku amenewa azike nsungwi ya mita imodzi pamalo osalala kuti aone mthunzi wake ukutha, aiwongole ndi chingwe chomangirira mwala, chifukwa ikangopendama pang'ono mthunzi sutha. Asadikire 12 koloko. Wotchi yathu imatsata mzere wa madigiri 30 kum'mawa, pomwe Zomba ili pa 35, ndiye dzuwa limafika pakati nthawi isanakwane: mu Novembala cha m'ma 11:23, mu Febuluwale cha m'ma 11:53. Ayezenso nsungwi yomweyo pa 21 Juni, apeza mthunzi wa masentimita pafupifupi 80 woloza kum'mwera.