Injiniya wa thobwa wa ku Matundo

Mayi a Tadala ali ndi maluwa asanu ndi awiri m'nyumba mwathu, ndipo ndikanena kuti amawakonda kuposa ine sikuti ndikudandaula ayi, ndikungofotokoza. Timakhala ku Matundo, kutsidya kwa Zambezi ukamachokera m'tauni ya Tete. Amene anagonako kuno mwezi wa Okutobala akudziwa: kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo duwa ukalimana madzi masiku awiri, lachitatu umapeza mfutso.

Ndiye kunabwera uthenga wa ukwati wa mlamu wanga ku Ulongwe. Masiku khumi tonse kulibe.

"Bambo a Tadala, tisiye kiyi kwa amayi apakhomowa azitithirira maluwa."

"Kiyi wa nyumba yanga? Magetsi a damu la Cahora Bassa amafika mpaka ku South Africa, ndiye alephere kuthirira timiphika tisanu ndi tiwiri?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kupinda zovala. Ine ndinkayesa ndapambana.

Mavidiyo a pa YouTube ndinaonera atatu, lachitatulo ndinagonera pakati. Kwa makaniko wina ndinagula kapampu kamene kamapopera madzi pagalasi lakutsogolo la galimoto. Anandiuza kuti kamafuna mavoti 12, ine ndinagwedeza mutu ngati munthu amene mavoti anakulira nawo nyumba imodzi. Kunyumba ndinadula chaja ya foni n'kulumikiza. Chaja ya foni imapereka mavoti 5 okha. Kapampuko kanangolira ngati udzudzu wa chimfine, madzi osasuntha.

Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinati ngati 5 akuchepa, pakhoma pali 220, kasankhe kokha amene kakufuna. Ndinalowetsa mawaya awiri musoketi. Phuu! Utsi, fungo la pulasitiki yopserera, nyumba yonse bii. Mita timagawana ndi achimwene a nyumba yakumbuyo, amene amayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, ndipo nthawiyo ankaonera mpira. Mawu amene anafuula sindingawalembe pano, ndine munthu wopemphera.

Mawa lake ndinabwerera kwa makaniko uja. Sanafunse kanthu, anangokweza mtengo. Ulendo uno ndinamvera malangizo: adaputala yotsitsa 220 kufika pa 12, yamphamvu zokwanira kapampuko, ndi kawotchi kolowetsa pasoketi kamene kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi imene wakauza. Waya wofiira kofiira, wakuda kwakuda, molumikizira monse ndinakulunga ndi tepi, soketi kutali ndi madzi. Ndinakatchera kuti m'mawa uliwonse 6 koloko kapampu kazigwira ntchito mphindi imodzi. Timapaipi tisanu ndi tiwiri, kalikonse mumphika mwake. Titayesa, madzi anatuluka bwinobwino. Mayi a Tadala anati "Hmm," ndipo pa zaka khumi ndi ziwiri za banja lathu chimenecho ndicho chiyamikiro chachikulu chimene ndalandirapo.

Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndikuyenda mapewa ali m'mwamba. Koma m'mawa wa ulendo, chapa, minibasi ya kuno, ikutidikira, ndinayang'ana chigubu cha malita 20 chili pansi ndipo chifundo chinandigwira. Kapampu kakang'onong'ono kotere kazikweza madzi masiku khumi kokhakokha? Ndinanyamula chigubu n'kuchikhazika pamwamba pa kabati kuti madzi azitsika mosavutikira. Ndinatseka chitseko ndikudziona ngati munthu woganizira ena.

Ku Ulongwe, m'boma la Angónia, kunali kozizira bwino. Tinadya kachewere, tinavina, ndipo aliyense amene anakhala pafupi nane anamva za makina anga. Apongozi aamuna anandifunsa ngati ndingawapangire ena a kudimba. Ndinati tikambirana za mtengo.

Titabwerera, fungo linatilonjera tisanatsegule chitseko. Fungo lodziwika, la kumudzi, lakumbuyo kwa nyumba ya agogo kukamayandikira chinamwali.

Maluwa asanu ndi limodzi anali atagona chammbali, ouma gwaa. Chigubu chinalibe ngakhale dontho. Kapampu kanali katapsa, chifukwa m'mawa uliwonse kankapopa mphepo mokhulupirika mpaka kanafa pa ntchito. Ndipo pakona, thumba la chimanga limene apongozi anatitumizira miyezi yapitayo linali litatupa, timizu toyera titatulukira m'mabowo onse ngati ndevu za nkhalamba.

Achimwene a njinga aja analowa, anayang'ana kabati, anayang'ana miphika, kenako anakhala pansi kuti aseke bwino.

"Achimwene, simunapopeko petulo m'thanki ndi paipi? Mukangokoka kamodzi, mbali yotulukira ili mmunsi, amayenda yekha mpaka thanki kuuma. Kapampu kanu kanakoka mphindi imodzi n'kuzima, koma madziwo ndani anawauza kuti aime?"

Ndiye kuti malita onse 20 anatsika tsiku limodzi. Maluwa anamira, miphika inasefukira, madzi anatsata kupendekeka kwa simenti mpaka pathumba. Masiku otsalawo maluwa anakhala ndi dzuwa la Tete popanda wowafunsa, chimanga chili pa chinyezi ndi kutentha, kumera mwamtendere. Akuti chigubu chikanangokhala pansi pomwe chinali, mmunsi mwa miphika, palibe chikanachitika.

Ndinayesa kupulumutsa ulemu. Ndinaloza duwa lachisanu ndi chiwiri, lobiriwira, lowongoka ngati msilikali.

"Mayi a Tadala, koma onani ili. Makinawa sanalephere kwenikweni."

"Limenelo ndi lapulasitiki, bambo a Tadala. Munandigulira ndinu."

Ndinali nditaliikira kapaipi kakekake.

Chimanga chapansi chinali chitachita nkhungu, tinataya. Chapamwambacho mayi a Tadala anachiyanika, anakachigayitsa, n'kuphika thobwa lodzaza ndowa ziwiri. Anagawira mzere wonse wa nyumba zathu, ndipo aliyense wolandira kapu ankauzidwa mbiri yake kuyambira pa chaja ya foni. Linali lokoma, zimenezo sindingakane.

Pano ana a ku Matundo akandiona amafuula kuti "Injiniya wa thobwa!" Kiyi wathu wachiwiri amakhala kwa amayi apakhomo aja. Dzulo apongozi anaimba foni kufunsa za makina a kudimba, ndipo ndisanayankhe mayi a Tadala anandilanda foni n'kuwafunsa ngati ali ndi chimanga chimene sakuchifuna.