Sabata ya Oktoberfest pa desiki yolandirira alendo

Ku hotelo yathu kuno ku Munich, m'dziko la Germany, sabata ino sitinapume. Oktoberfest, chikondwerero chachikulu cha mowa cha chaka ndi chaka, inatsegulidwa Loweruka masana, meya ataboola mgolo woyamba wa mowa mu tenti ya Schottenhamel, ndipo chiyambire tsikulo ntchito yanga yasanduka yoyankha mafunso.

Lolemba ndinakhalira kusunga zikwama. Kulowa ku Theresienwiese, bwalo lomwe chikondwererochi chimachitikira, n'kwaulere, koma chikwama chachikulu kuposa malita 3 alonda amachibweza pachipata. Ena amabwera atakwiya ngati lamulolo ndinaika ine.

Funso lomwe silinathe sabata yonse ndi la kangachepe kothokoza woperekera mowa. Anthu a ku America amafuna kupereka 20 peresenti, ena safuna kupereka n'komwe. Ajeremani amangoonjezera pang'ono, mwina 5 mpaka 10 peresenti, kuti ndalamayo ikhale yokwana bwino. Sasiya patebulo ayi. Woperekera akatchula mtengo, inu mumatchula yomwe mukufuna kulipira yonse, iye n'kukubwezerani chenji pamenepo.

M'matentimu ndimawalangiza alendo kuti asaumire, makamaka pa chikho choyamba. Operekera ambiri amayamba agula mowawo kwa mwini tenti ndi ndalama zawo, kenako n'kukugulitsani, ndiye phindu lawo pa chikho n'lochepa. Chikho cha lita imodzi, chomwe mu 2024 chinkafika pafupifupi mayuro 15, chimalemera makilogalamu oposa 2 chikadzaza, ndipo mayi mmodzi amanyamula zingapo nthawi imodzi akudutsa pakati pa anthu oledzera. Mukamudikirira kuti akupatseni timasenti tanu tonse, musadabwe akachedwa kubwereranso. Tengani ndalama zapamanja, ndipo pezani kaye pokhala, chifukwa woimirira nthawi zambiri samupatsa mowa.

Lachitatu usiku anyamata ena anabwera atanyamula mnzawo. Mowa wa pachikondwererochi ndi waukali kuposa wamasiku onse, pafupifupi 6 peresenti, ndipo iwo anayamba kumwa asanadye. Mmodzi anauzidwanso kuti atuluke atakwera patebulo. Kuvinira pabenchi amalola, patebulo ayi.

Lachisanu bambo wina wachikulire anandifunsa ngati apite Loweruka. Ndinati: "Bambo, dikirani Lachiwiri m'mawa. Loweruka matenti amadzaza msanga mpaka kutseka zitseko." Anasintha tikiti yake ya sitima, ine n'kumuonjezera masiku a chipinda.