Za akalulu aku Australia zija

Koma nkhani ya akalulu ku Australia imandiwawa bwanji. Mlimi wina dzina lake Thomas Austin anamasula akalulu 24 mu 1859 kuti aziwasaka, basi anaswana mpaka kumaliza msipu wa nkhosa. Mu 1950 aboma anawamwazira matenda a myxomatosis, kalulu amatupa maso mpaka osaona, kumangokhala pamtetete masiku angapo asanafe, ndiye opulumukawo anaswananso ana olimba kumatendawo, mu 1995 kwabweranso matenda ena opha akalulu a calicivirus. Ine bola waya wa timabowo ting'onoting'ono wokwirira pansi kuti asakumbe, kutchingira minda ndi timitengo tongobzala kumene. Ndi wodula inde, komanso fensi yaitali yotchinga akalulu ya ku Western Australia akaluluwo anaidutsa ndithu. Ndalama zambiri azithira kukafukufuku woletsa kubereka, ngakhale mutu ukuwawa poti akalulu mamiliyoni ali m'tchire uwapatsa bwanji mankhwalawo?