Jeti ya bolodi la fomu yoyendera rimoti: kuidula, kuimata ndi kuiponya koyamba

Munthu akandiuza kuti akufuna kupanga jeti yake yoyamba, ndimamuletsa kaye kugula EDF, chimkupiza cha m'chitini chija chomwe chimalira ngati jeti yeniyeni. EDF imadya batire msanga, ndipo mukaponya ndege ndi dzanja imachedwa kugwira mphepo. Yomwe ndimayambira ine ndi ya maonekedwe a F-22, ndege ya nkhondo ya ku America, mapiko ake otambalala masentimita pafupifupi 70, pulopela ikuzungulira m'kabowo kodulidwa pakati pa thupi. Ikakhala m'mwamba pulopelayo saoneka n'komwe, ndipo ndege ikagwa chamutu mota imapulumuka chifukwa ili kutali ndi mphuno.

Chinthu choyamba kukwera pa tebulo ndi sikelo ya kukhitchini. Mapulani ambiri a ndege zotere anajambulidwa poganizira bolodi la Readi-Board la kampani ya Adams, lomwe limagulitsidwa m'masitolo a Dollar Tree ku America ndipo linatchuka ndi gulu la Flite Test la ku Ohio. Bolodi limeneli ndi la mainchesi 20 ndi 30, kunenepa kwake mamilimita pafupifupi 5, ndipo limalemera magalamu ngati 115 basi. Mabolodi ena a m'masitolo a zolembera amaoneka chimodzimodzi koma pepala lake ndi lokhuthala, kulemera kwake n'kufika kawiri. Choncho bolodi lililonse ndimaliyeza ndisanalidule. La PVC lomwe amagwiritsa ntchito olemba zikwangwani ndimalisiya komweko, ndi lolemera ngati thabwa. Ndege yonse, batire ili mkati, ndimafuna isapitirire magalamu 550.

Mabolodi atatu amakwanira, ngakhale kachidutswa kamodzi katalakwika. Mota ndi ya 2212 ya 2200KV, pulopela ya 6x4, ESC (kachipangizo kolamulira liwiro la mota) ya maampu 30, masevo (timakina tosuntha zowongolera ndege) awiri a magalamu 9, ndi batire ya LiPo ya 3S, kutanthauza ya maselo atatu. Pa ulendo woyamba batire ya 1300mAh ndi yabwino chifukwa ndi yopepuka; ya 2200mAh imawonjezera magalamu ngati 70, koma imathandiza ngati mchira watuluka wolemera. Rimoti ya FlySky FS-i6 ndi risiva yake, yomwe imakhala mu ndege kulandira malamulo a rimoti, zimatha ntchitoyi. Zotsala ndi gani ya guluu wamoto, mpeni wa malezala othyola, rula yachitsulo, tepi yomatira makatoni, waya wolimba wa milimita imodzi kapena 1.2, ndodo ya kaboni ya mamilimita 4 ndi kachidutswa ka pulayiwudi ka mamilimita 3.

Pulani ndimaisindikiza pa mapepala a A4, makina atawauza kuti asachepetse kapena kukulitsa. Pa pulani pamakhala kabokosi koyezera. Ndikaika rula n'kupeza kuti sikakugwirizana, ndimasindikizanso. Mapepalawo ndimawalumikiza, n'kuwamata pa bolodi mopepuka kuti adzachoke osang'amba khungu la bolodilo.

Podula, lezala lizikhala latsopano. Lobuntha silidula fomu koma limaikoka, m'mphepete n'kutsala zibuluma ngati mbewa yadyapo. Ndimapendeketsa mpeni n'kudutsa katatu: koyamba kudula pepala la pamwamba, kachiwiri fomu, kachitatu pepala la pansi. Pa pulani pali mizere iwiri yosiyana, ndipo apa m'pomwe ambiri amawonongera bolodi. Wina ndi wodula mpaka kutsidya. Wina ndi wodula theka, pepala la pansi n'kutsala kuti likhale popindira. Ndisanagwire mpeni, mizere ya theka ndimaidutsitsa cholembera chofiira.

Phiko la bolodi limodzi lopanda cholimbitsa limapindika ndege ikakhota mwamphamvu. Ndimadula kamsewu kopingasa kuchoka phiko lina kukafika linzake, kutsogolo kwa bowo la pulopela, n'kugonekamo ndodo ya kaboni, guluu pang'ono, tepi pamwamba. Kaboni ikasowa, kansungwi kouma kosema bwino kamagwira ntchito, bola kakhale kowongoka. Kenako ndimamata bolodi lachiwiri pamwamba pa theka lakutsogolo la phiko, kuti patsale ngati sitepe pakati. Kapangidwe aka amakatcha KF, kuchokera ku maina a Kline ndi Fogleman omwe anakayambitsa. Kamalimbitsa phiko, ndipo ndege imakhazikika bwino pa liwiro lochepa. M'mphepete mwakutsogolo ndimapala ndi sandipepa kuti mukhale mozungulira, n'kukutamo tepi.

Guluu wamoto ndi wolemera kuposa mmene amaonekera. Mzere umodzi wopyapyala ndi wokwanira. Ndikamata ndimapanikiza chidutswacho pa tebulo masekondi ngati 30, n'kupukuta wotuluka m'mbali ndi kachidutswa ka bolodi asanaume. Gani ikatentha kwambiri guluu amasungunula fomu mkati mwa mapepala, pamwamba pakuoneka bwinobwino koma mkati muli mphako. Ndikaona guluu akuchucha yekha kukamwa kwa gani, ndimaizimitsa kaye.

Jeti iyi ilibe zowongolera zambiri. Ili ndi ziwiri zokha kumbuyo, zotchedwa ma elevon, zomwe zimagwira ntchito yokweza mphuno komanso yopendeketsa ndege. Popanga hinji ndimadula theka, n'kupinda chowongolera mpaka chigone pamwamba pa phiko, kenako n'kusema m'mphepete mwake mopendekeka madigiri 45 kuti chipeze malo otsikira. Mu mpatawo ndimapakamo guluu n'kumupalasa nthawi yomweyo mpaka atsale wopyapyala ngati khungu la anyezi. Akachuluka hinji imauma, sevo imalira ndi kutentha. Akasowa, pepala limasupuka ndege ili m'mwamba. Chowongolera chizigwa chokha ndi kulemera kwake mukanyamula phiko.

Mota ndimaimanga ndi masikuluwu pa pulayiwudi, pulayiwudiyo n'kuimata kutsogolo kwa bowo ndi tizidutswa ta bolodi tochirikiza mbali zonse. Iziloza molunjika kumbuyo, osapendekera kumwamba kapena kumbali. Pulopela ya mainchesi 6 ndi masentimita 15, ndiye bowo ndimalipatsa masentimita 17 m'litali ndi 4 m'lifupi kuti nsonga zisakhudze bolodi. Koma pulopelayo sindiiika panopa. Ntchito yonse yolumikiza magetsi ndimaichita mota ili yopanda pulopela, chifukwa ndodo ya moto, ya pa rimoti yothamangitsira mota, ikangogundidwa mwangozi pa tebulo, chala chimang'ambika mpaka kukasokedwa.

Masevo ndimawapatsa moto ndisanawamate, rimoti itayaka ndipo matrimu (timabatani ta pa rimoti tosunthira zowongolera pang'onopang'ono) onse ali pakati, kuti aime pakati penipeni. Pamenepo ndimaika kamkono ka sevo kataima chilili. Sevo ndimaikulunga tepi ndisanaipake guluu, kuti tsiku loichotsa ndingodula tepiyo. Kanyanga ka pa chowongolera kaikidwe moti mabowo ake ali pamwamba penipeni pa mzere wa hinji. Kakabwerera m'mbuyo, chowongolera sichikwera ndi kutsika mofanana. Waya wochokera ku sevo ndimaupinda ngati Z kumapeto. Ukatalika kupitirira masentimita 15 umapindika pokankha, choncho ndimaudutsitsa m'kachubu ka bolopeni komatidwa pa phiko.

Mu rimoti ndimasankha elevon, sevo ina pa tchanelo 1, ina pa tchanelo 2, ESC pa tchanelo 3. Ndimaima kumbuyo kwa ndege n'kuyesa. Ndodo yowongolera ya pa rimoti ndikaikokera kwa ine, zowongolera zonse ziwiri zikwere. Ndikaikankhira kumanja, chakumanja chikwere, chakumanzere chitsike. Zikasemphana, ndimatembenuza tchanelo imodzi mu rimoti. Zikakanabe, ndimasinthanitsa mapulagi a masevo pa risiva n'kuyesanso. Mayendedwe ake pa ulendo woyamba akhale mamilimita 12 mpaka 15 kukwera, chimodzimodzinso kutsika, ndi expo ya 30 peresenti kuti pakati pa ndodo pakhale pofewa. Zikakhala pakati ndimazikweza mamilimita awiri kapena atatu kuposa mzere wa phiko, chifukwa phiko lotere limakonda kuweramitsa mphuno.

ESC imafunika kuiphunzitsa malire a ndodo ya moto. Pa ma ESC ambiri a mtundu uwu, mumakankha ndodo mpaka pamwamba, kulumikiza batire, kumva kulira, n'kutsitsa ndodo mpaka pansi. Mota ikamazungulira chobwerera, sinthanitsani mawaya awiri aliwonse mwa atatu aja. Ndimatcheranso failsafe: mota ikuzungulira pang'ono, ndimazimitsa rimoti, ndipo iyenera kuima. Pomaliza ndimaika pulopela, mbali yolembedwa manambala ikuyang'ana kumphuno ngakhale ili pakati pa ndege. Yotembenuzidwa imalira kwambiri koma mphamvu yake imachepa zedi, ndipo munthu amayamba kunamizira mota.

Tsopano pa nkhani yomwe imagwetsa ndege zambiri, malo omwe kulemera kwa ndege kumakumana, omwe pa pulani amalemba kuti CG. Ndimaika timadontho tiwiri ta guluu pansi pa mapiko pa malo amenewo kuti zala zizipeza osayang'ana. Batire itamangidwa, chitseko cha malo a batire chitatsekedwa, ndimanyamula ndege pa nsonga za zala ziwiri. Iyenera kugona mowongoka, kapena mphuno kuwerama pang'ono chabe. Ikalemera kumphuno imafuna liwiro lalikulu ndi kukoka ndodo nthawi zonse, koma mumatera nayo. Ikalemera kumchira imadzutsa mphuno yokha, mukaitsitsa imapitirira, mukaikweza imapitiriranso, ndipo m'masekondi ochepa ili pansi. Sentimita imodzi yokha kumbuyo imatha kuchita zimenezi. Pokonza sindiwonjezera chitsulo ayi, ndimasuntha batire. Pamene yakhazikika ndimajambula mzere, n'kuimanga ndi velikoro pansi komanso lamba pamwamba, pakuti batire yosuntha m'mwamba imasuntha CG yonse.

Penti ya sipule imadya fomu pomwe pali posakutidwa, ndipo penti ya madzi yambiri imakwinyitsa pepala. Ine ndimangogwiritsa ntchito tepi ya mitundu: pansi mizere yakuda ikuluikulu, pamwamba mtundu wowala. Pa mtunda wa mamita 100 ndege imangooneka ngati mthunzi, ndipo mizereyo ndi yomwe imakuuzani ngati mukuona mimba kapena msana.

Bwalo likhale lalikulu ngati la mpira kapena kuposa, lopanda anthu, mawaya a magetsi ndi mitengo, komanso kutali ndi bwalo la ndege. Maiko ambiri amaletsa kupitirira mamita 120 m'mwamba, ndipo ena amafuna kulembetsa, choncho funsani a zandege kwanuko. Nthawi yabwino ndi m'mawa mphepo isanadzuke, koma udzu ukhale utauma mame. Pepala likanyowa limasupuka ndipo phiko limapotoka. Ndimayatsa rimoti kaye, batire pambuyo, n'kuyenda masitepe 30 kuyesa ngati zowongolera zikumverabe, kenako n'kubwerezanso mayeso a kumanja ndi kumanzere aja.

Koyamba aponye ndi mnzanu, inu zala zili pa ndodo. Agwire pomwe dzanja silidutsa m'njira ya pulopela ndege ikamachoka, ndipo muyeseze kagwiridweko mota ili chete. Mphuno iloze komwe mphepo ikuchokera, moto magawo atatu mwa anayi, aponye mwamphamvu koma chogona, mphuno itakwera pang'ono pokha. Akaiponya choloza kumwamba imataya liwiro, phiko limodzi n'kugwa. Ikachoka m'manja imatha kupendekera mbali imodzi chifukwa cha kupota kwa mota. Wongolani pang'onopang'ono, musakoke ndodo isanathamange. Ikakwera kupitirira mitengo, chepetsani moto kufika theka, siyani ndodo kamphindi muone komwe ikuthawira, n'kukonza ndi matrimu. Pokhota mumapendeketsa kaye, kenako n'kukoka. Ikamabwera chokuyang'anani, kumanja ndi kumanzere zimaoneka zosinthana. Kankhirani ndodo ku phiko lomwe latsika.

Taimala ndimaitchera mphindi zinayi. Potera ndimabwera moyang'anizana ndi mphepo, moto wochepa uli chiyakire, chifukwa phiko la ngodya zitatu likadzutsa mphuno limataya liwiro msanga. Ikatsala ngati mita imodzi ndimazimitsa mota kuti pulopela isamenye pansi ikuzungulira, n'kukoka pang'ono kuti itere ndi mimba.

Ndikatola ndege ndimachotsa batire kaye, n'kugwira mota. Ikamawotcha moti chala sichingakhalepo, pulopela yakula kapena yapindika. Batire ndimaiyeza: selo yodzaza imakhala ma volti 4.2, ndipo ndikatera ndimafuna ndipeze 3.7 kapena kuposa. Zikatsika kwambiri, taimala ndimaichepetsa. Yotupa kapena yobooka pa ngozi sinditchajanso. Potchaja ndimagwiritsa ntchito tchaja yolinganiza maselo, pa simenti, ine ndili pomwepo, ndipo yosunga masiku ambiri ndimaisiya pa 3.8 selo iliyonse. Ndegeyo isatsale m'galimoto yotseka padzuwa, guluu amafewa ndipo zipsepse za kumchira zimagona. Mphuno ikaphwanyika ndimaidula mowongoka pomwe fomu ili yabwino, kumata yatsopano yodulidwa pa pulani yomweyo, n'kuikanso ndege pa zala, chifukwa guluu wa pokonzapo amakhala wasuntha CG.